Alimi, Musanagule Sipika Yang'anani Batire Lanu

Alimi anzanga, nandolo wagulitsidwa ndipo ndalama ziri m'thumba. Ambiri a inu a ku Madziabango, ku Chileka ndi ku Lirangwe mukuganiza zopita ku Limbe kukagula masipika okuzira mau, kuti banja lonse lizimvera wailesi pamodzi. Ganizo limeneli nlabwino. Wailesi ndiyo imatiuza za mvula ndi za mitengo ya mbeu, ndipo mu March 2023 chenjezo la namondwe Freddy linafika m'midzi yambiri pa wailesi. Koma musanaturutse ndalama, tamverani.

M'sitolo mudzapeza mitundu iwiri. Woyamba ndi timasipika tiwiri tating'ono timene anapangira kompyuta. Wachiwiri ndi uja ogulitsa amautcha home theater: bokosi lalikuru logunda besi, ndi masipika ena asanu. Wogulitsa adzatsegula wamkuruyo, pansi nkunjenjemera, mtima wanu nkukopeka. Kumbukirani kuti m'sitolomo muli magetsi a ESCOM. Nanga kwanu kuli chiani?

Timasipika tambiri ta kompyuta timafuna mavolti 5 okha, monga foni, ndipo mungatilumikize pa kabowo ka USB komwe mumatchajira foni pa sola. Home theater wambiri amafuna mavolti 230. Batire lanu la sola liri ndi 12 basi, chotero mudzagulanso inveta yokwezera moto, ndipo nayo imadya gawo lake. Besi ndiye mdani weniweni wa batire. Batire la asidi lotsitsidwa kupitirira theka usiku uliwonse limafa msanga, ndipo likafa, nyale ya ana owerenga yazimanso.

Bvuto limeneli si la lero ai. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inapanga wailesi yooneka ngati safuliya, yotchedwa Saucepan Special, yomverera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashilingi 25. Wailesiyo munthu ankagula kamodzi, koma batire ankagula kawirikawiri.

Tsono ganizani chimene mufuna kumva. Mau a munthu wowerenga nkhani safuna besi, ndipo masipika asanu aja anawapangira filimu. M'nyumba kapena pakhonde timasipika tiwiri tikwanira. Sindikunena kuti wamkuruyo alibe nchito: pa chinkhoswe, kapena pa kalabu ya anthu ambiri pansi pa mtengo, tating'onoto sitingamveke. Ngati ndi choncho, sonkhani ndalama ngati kalabu, ndipo funani bokosi limene kumbuyo kwake kuli polowetsera mavolti 12. Manambala aakuru olembedwa PMPO pa katoni ndi nyambo chabe. Mphamvu yeniyeni ndi imene yalembedwa RMS.

Kalumikizidwe kake nkotere. Yambani mwatsitsa mau onse, moto uli wozima. Tengani waya wokhala ndi kamutu kamodzi mbali ino ndi timitu tiwiri mbali inayo, kofiira ndi koyera. Kamutu kamodziko kalowe pa foni kapena pa wailesi, pamene mumalowetsa zomverera m'makutu. Tiwirito tilowe kumbuyo kwa bokosi pamene palembedwa AUX kapena INPUT, kofiira pofiira, koyera poyera. Musatilowetse pamene paturukira waya wa masipika: pamenepo moto umaturuka, ndipo foni ingapse. Pa batire, waya wofiira apite pa chizindikiro cha +, wakuda pa −. Mukasemphanitsa, bokosi lingafe nthawi yomweyo, ndipo wogulitsa sadzalilandira.

Ana anu adzakuuzani kuti waya ndi wachikale, pali Bluetooth. Iripo ndithu, ndipo imafika ngati mamita 10. Koma mafoni ambiri sagwira wailesi ya FM popanda waya, chifukwa wayayo ndiye mlongoti wake. Gulani waya.

Bokosi liikeni pamwamba, kutali ndi utsi ndi chinyontho, ndipo muziliphimba ndi nsaru chifukwa cha mphemvu. Tsiku logula, nyamulani foni yanu, ndipo muuze wogulitsa aleke nyimbo, atsegule nkhani za pa MBC. Kenaka kaimeni pakhomo la sitolo, mumve ngati mau onse akumveka.