Tizidutswa ta zitsulo ziwiri tomwe timamvera maginito

Mwana wa ku Chilobwe akatentha thupi, amayi ake amathamangira naye kuchipatala cha Zingwangwa, komwe amamubaya pachala n'kudonthezera magazi pa kachipangizo koyezera malungo. Mzere wofiira ukatuluka, ambiri amati ndi magazi aja. Ayi, pa zipangizo zambiri zotere mzerewo ndi golide. Golide akaphwanyidwa kufika pa mananomita pafupifupi 40, chikasu chake chimatha, amafiira. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa m'zigawo 1,000,000.

Golide samvera maginito, ayironi ndiye amamvera. Koma ayironi akachepa chonchi sachedwa kuchita dzimbiri, n'chifukwa chake asayansi amamuphatikiza ndi chitsulo china chomuteteza. M'chaka cha 2000, Shouheng Sun ndi anzake ku kampani ya IBM ku America anawiritsa mankhwala okhala ndi ayironi ndi platinamu pa madigiri pafupifupi 300. Anathiramo oleic acid, yemwe amapezekanso m'mafuta a mtedza, kuti tizidutswa tisamatirirane. Tinatuluka tofanana msinkhu, ta mananomita 3 mpaka 10.

Tikangotuluka kumene, timakokedwa maginito akayandikira, koma akachoka mphamvuyo imatheratu. Madokotala amafuna khalidwe limeneli, chifukwa tizidutswa tosunga mphamvu tingaundane m'mitsempha ya magazi. Mukatiwotchanso kupyola madigiri 500, maatomu a ayironi ndi a platinamu amandandalikana mosinthana, ndipo timasanduka maginito okhalitsa. IBM inkafuna amenewa, osungira zinthu m'kompyuta, odwala sanali m'maganizo mwake.

Kuno kwathu maginito ali kale pantchito. Makina ena oyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi amagwiritsa ntchito timikanda ta ayironi: timagwira chibadwa cha kachiromboko, maginito n'kutikokera pambali, zotsalazo n'kutsukidwa. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, omwe anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008 ndiwo anaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a m'ubongo amakhala atatupa ubongo.

Ofufuza akuyesa tizidutswa ta ayironi ndi platinamu kuti tizimveketsa zithunzi za MRI, komanso kuti tizitenthetsa chotupa cha khansa mpaka chife. Zonsezi zidakali m'malabotale, ndipo wina akakugulitsani mankhwala a "nano" ochiza khansa, musungire ndalama yanu zina. Platinamu payekha ndi wodula, ngakhale wambiri padziko lonse amakumbidwa pafupi pompa, m'migodi ya ku South Africa ngati ya ku Rustenburg.