PHAZI LOGWA PAMBUYO PA SITOLOKO: CIUNO, BONDO NDI KAKOLO ZIYENERA KUMVANA

Ambiri a inu muli ndi abale ku Kanyama ndi m'makomboni ena a mu Lusaka. Wina wa iwo akagwa ndi matenda a sitoloko, kawirikawiri amabwezedwa kumudzi kuti mukamsamale. Ncifukwa cake nkofunika kudziwa cimene cimacititsa munthu wotere kukoka phazi pansi poyenda.

Sitoloko imadza pamene mtsempha wa magazi m'bongo watsekeka kapena waphulika, makamaka cifukwa ca BP. Mbali yamanja ya bongo ndiyo imalamulira mbali yamanzere ya thupi, yamanzere nilamulira yamanja. Motero cilonda cili m'mutu, ngakhale cilema cioneka kumwendo.

Kuyenda ndi nchito ya ciuno, bondo ndi kakolo, ndipo zitatuzi zimalandizana monga azimai osinja pa mtondo umodzi. Mwendo ukanyamuka, ciuno cimauponya kutsogolo, bondo limapinda, ndipo mnofu wa pamsongolo umadzutsa phazi. Zala zimapita pamwamba pa nthaka ndi mpata wa masentimita 1 kapena 2 cabe. Pomaliza cidendene ndico ciyamba kuponda.

Pambuyo pa sitoloko mnofu wa pamsongolo umafooka, katumba naumirira, ndipo phazi limalendewera zala zitaloza pansi. Bondo nalonso limakana kupinda mokwanira. Pofuna kuti zala zisakhule pansi, wodwala amakweza ciuno mbali imodzi, kapena kuzunguza mwendo wonse cakunja ngati cikwakwa. Mwendo wabwino umafulumira kuponda popeza wodwalawo sukhulupirika. Kayendedwe kotere nkotopetsa, ndipo kamwala kakang'ono nkokwanira kumgwetsa munthu.

Ku Kanyama vutoli limakula cifukwa ca nthaka. Malowa ngathyathyathya, pansi pake pali thanthwe, ndipo madzi a mvula sapita msanga. Akuluakulu akumbukira cigumula ca 1978. M'dzinja miyala ndi maenje zimabisika m'madzi, anthu nadumpha pa njerwa zoikidwa m'njira. Wa phazi logwa sangadumphe, kotero amangokhala m'nyumba, mwendo nuumirabe. Kumudzi mizere ya m'munda ndi zitsa zimacita cimodzimodzi.

Thandizo lilipo. Cipatala ca Kanyama cinakuzidwa ndi cithandizo ca dziko la Japan, monganso ca Matero ndi ca Chawama. Ku University Teaching Hospital anayamba kuphunzitsa madokotala a bongo mu 2018, ndipo a fiziyo, ndiwo akatswiri ophunzitsa ziwalo kugwiranso nchito, amaphunzira ku Evelyn Hone College ndi ku University of Zambia. Iwo sayang'ana phazi lokha ai. Amaphunzitsa wodwala kuimirira pa mwendo wofooka, kupinda bondo ndi kuyamba kuponda ndi cidendene. Ena amapatsidwa cothandizira ca pulasitiki cobvala m'nsapato, cimene cimagwira phazi kuti lisagwe.

Bongo umaphunziranso msanga m'miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Musafulumire kumtenga wodwala asanaonane ndi a fiziyo, ndipo womsamala apite naye kuti akaone zocita. Akafika kumudzi, tsiku ndi tsiku muzimuongola kakolo pang'onopang'ono, kukankhira phazi cakumwamba osampweteka. Ayesere kudzuka pa mpando miyendo yonse iwiri itaponda. Ndodo aigwire ndi dzanja lamphamvu. Abvale nsapato zogwira cidendene, osati patapata. Pabwalo pazulidwe zitsa ndi miyala. Mankhwala a BP asaleke, pakuti sitoloko imabweranso. Mphini pa mwendo siziciritsa, popeza gwero la bvuto lili m'bongo.

Kumgoneka pamphasa tsiku lonse pomumvera cisoni ndiko kumlemaza. Mgwireni kumbali yofooka, ayende mapazi owerengeka lero, mawa aonjezere. Kuona maso a nkhono nkudekha.