Posintha babu la fulu, yambani mwaona nambala yake

Blantyre, Mana: Eni galimoto ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akapita kukagula babu la nyali yoona patali, yomwe madalaivala amaitcha fulu, amayamba ndi kufunsa wogulitsa kuti babu lowala kwambiri ndi liti. Komatu chofunika kudziwa poyamba ndi nambala ya babu lomwe opanga galimotoyo anakonzera nyaliyo.

Nkhaniyi ndi yaikulu mumzinda wa Blantyre kaamba koti misewu yambiri yolowa m'madera amenewa ndi yopapatiza, ina ilibe magetsi, ndipo madzulo imadzaza ndi anthu oweruka kuntchito, ogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu komanso akabaza. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Choncho dalaivala yemwe wathobwa m'maso kwa masekondi atatu okha amakhala atayenda mamita 50 asakuona chomwe chili patsogolo pake.

Mababu a nyali zakutsogolo ali m'mitundu ingapo ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Lodziwika kwambiri ndi H4, lomwe linayamba kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya m'chaka cha 1971. Babuli lili ndi miyendo itatu komanso timawaya tiwiri toyaka mkati mwake: kena ka fulu ka mawati 60, kena ka dimu ka mawati 55. Ndi lomwe limapezeka pa maminibasi ambiri a Toyota Hiace komanso pa Probox. Galimoto zina zili ndi babu la fulu palokha ndi la dimu palokha, ndipo pa zoterezi la fulu kawirikawiri limakhala HB3, lomwe pamapaketi ena amalemba kuti 9005, kapena H1, kapenanso H7.

Popeza galimoto zambiri m'dziko muno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, timabuku take timabwera tili m'Chijapanizi, mwinanso sitibwera n'komwe. Izi siziyenera kudetsa nkhawa, pakuti nambala, mavoti ndi mawati zimalembedwa patsinde la babu lakale. Njira yosavuta ndi kuzula babu lopsalo ndi kupita nalo kusitolo ku Limbe kapena kumsika wa Ndirande kuti likafanizidwe ndi latsopano.

Chifukwa chomwe nambala ilili yofunika chili mkati mwa nyali. Kumbuyo kwa babu kuli mbale yonyezimira ngati kalilole, yomwe imasonkhanitsa kuwala ndi kukuponya pamsewu. Mbaleyi anaiumba moyembekezera kuti kawaya koyaka kakhala pamalo amodzi enieni. Kawayako kakasuntha ndi milimita imodzi kapena awiri, kuwala kumamwazikana: kwina kumapita m'mitengo, kwina m'maso mwa dalaivala wochokera kutsogolo, ndipo pamsewu pomwe pakufunika kuwala pamatsala mdima. N'chifukwa chake mchitidwe wosema timano ta patsinde la babu pofuna kuti HB4 lilowe pamalo a HB3, kapena kumangirira babu ndi waya, uli wolakwika ngakhale nyaliyo iyake.

Chinyengo china chili pa mawati. M'masitolo mumapezeka mababu a H4 olembedwa 100/90W, ndipo madalaivala ambiri amawakonda poganiza kuti aona patali. Babu la mawati 60 limakoka pafupifupi maampeya 5, pomwe la mawati 100 limakoka oposa 8, kudzera m'mawaya omwewo ndi soketi yomweyo. Zotsatira zake ndi zodziwika kwa amakaniko: soketi imasungunuka, mbale yonyezimira ija imawauka, ndipo fyuzi imapsa kawirikawiri. Ena akatopa ndi kugula mafyuzi amaikapo yaikulu kapena kawaya wamba, ndipo apa m'pamene moto umayambira. Mapaketi ambiri a mababu otere amalembedwa kuti si ogwiritsa ntchito pamisewu ya anthu onse, koma ndi ochepa omwe amawerenga.

Pafunikanso kuona mavoti. Galimoto zing'onozing'ono ndi maminibasi zimagwiritsa ntchito mavoti 12, pomwe malole ambiri ndi mabasi akuluakulu ndi a mavoti 24. Mababu awiriwa amaoneka ofanana, koma la 24 limangoti psuu pagalimoto yaing'ono, ndipo la 12 limapsa nthawi yomweyo palole.

M'zaka zaposachedwapa mababu a LED afala kwambiri, ndipo aliyense woyenda usiku mumsewu wa Masauko Chipembere amawadziwa ndi kuwala kwawo koyera mbee. Nyali za LED zomwe zinabwera ndi galimoto kuchokera kufakitale zilibe vuto, pakuti zonse anazipangira pamodzi. Vuto limabuka poika babu la LED m'nyali yomwe anaikonzera babu la halojeni. Kawaya ka halojeni kamawala mbali zonse, pomwe LED imawala kuchokera pa timbale tiwiri toyang'ana uku ndi uku, ndipo pa mababu otsika mtengo timbaleti sitikhala pamalo pomwe pamayenera kukhala kawaya. Mwini galimoto amakondwa poona kuti patsogolo pa galimoto payera, osadziwa kuti kuwala kwa pafupi kumeneku kumachepetsa mphamvu ya maso ake yoona patali.

Choopsa kwambiri chili pa H4, chifukwa kusintha babuli kumakhudza fulu ndi dimu pamodzi. Dziko lino, monganso Japan, limayendetsa galimoto kumanzere, ndipo dimu inakonzedwa kuti kuwala kudulidwe kumanja, komwe kukuchokera galimoto zina, koma kukwere pang'ono kumanzere kuti dalaivala aone oyenda pansi ndi zikwangwani. Babu losayenera limafafaniza malire amenewa, kotero dalaivala amathobwa anzake ngakhale atadima.

Mababu opaka utoto wabuluu nawo ndi okongoletsa chabe, popeza utotowo umatchinga gawo la kuwala. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pomwe chiperoni chimakuta phiri la Soche, la Ndirande ndi la Bangwe, fulu ya mtundu uliwonse imangobwerera m'maso mwa dalaivala; m'nkhungu yofunika ndi dimu.

Si nthawi zonse pomwe vuto limakhala babu. Galasi lapulasitiki la nyali likachita chikasu ndi dzuwa limameza kuwala kochuluka, ndipo limafunika kupukutidwa ndi mankhwala ake kapena kusinthidwa. Waya wa efi wochita dzimbiri nawo umafoola nyali. Ngati mababu akupsa pafupipafupi, ndi bwino kuyezetsa alitaneta, yomwe injini ikamalira iyenera kupereka mavoti apakati pa 13.5 ndi 14.5. Mavoti akapitirira muyezo ndi 5 peresenti yokha, moyo wa babu la halojeni umatsika ndi pafupifupi theka. Galimoto zina za ku Japan zili ndi mababu a xenon, monga D2S ndi D4S, omwe poyaka amafuna mavoti oposa 20,000. Amenewa ndi osiyira odziwa zamagetsi a galimoto.

Pogula, mayina monga Osram, Philips, Koito ndi Stanley ndi odalirika, ngakhale achinyengo amakopera mapaketi awo. Babu lovomerezeka pa miyezo ya ku Ulaya limakhala ndi chilembo E ndi nambala patsinde pake, ndipo kawaya kake kamakhala kowongoka, kosapendekeka. Poika, galasi la babu siligwiridwa ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amachititsa kuti malowo atenthe kwambiri mpaka galasi kutupa kapena kusweka. Ndi nzerunso kusintha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pakuti linzake limakhala latsala pang'ono kutha.

Malamulo a pamsewu, omwe maziko ake ndi Road Traffic Act ya 1997, amafuna kuti nyali za galimoto zikhale zogwira ntchito bwino, ndipo nyali ndi zina mwa zomwe amayeza galimoto isanapatsidwe chiphaso cha COF pansi pa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Galimoto yoyaka diso limodzi imaoneka ngati njinga yamoto, zomwe zimasokoneza anthu odutsa msewu.

Akatha kuika babu, mwini galimoto aimike galimoto pamalo afulati moyang'ana khoma, pamtunda wa mamita asanu kapena khumi, ndi kuyatsa dimu. Malire a kuwala aoneke bwino, akhale ofanana mbali zonse ziwiri, ndipo akhale m'munsi pang'ono mwa msinkhu wa nyalizo. Akaoneka osokonekera, ndiye kuti babu silinakhazikike bwino pampando wake ndipo liyenera kuzulidwa ndi kuikidwanso.