Chodula si pageti, ndi mpando wopanda munthu

Makolo a kuno ku Mchinji akamva kuti ntchito yanga ndi yokonza maulendo ndi kuperekeza alendo kokaona malo, funso lawo limakhala limodzi: "Kuti ana anga akaone njovu kapena nyanja, ndisunge zingati?" Ambiri amafunsa atagamula kale mumtima kuti zimenezo n'za azungu ndi mabwana a m'tauni. Mtengo umene uli m'mutu mwawo anautola pa Facebook, pomwe maloji ena amalemba madola mazanamazana pa usiku umodzi. Mitengo imeneyo ilipodi, koma analembera munthu wobwera pa ndege. Banja la ku Kamwendo kapena ku Mkanda lofuna kupita m'mawa n'kubwerako madzulo lili ndi masamu ake ena, ndipo masamuwo ndi amene ndikufuna tiwerengere limodzi lero.

Tiyambire pageti, poti m'pamene anthu amaopa kwambiri. M'mapaki a nyama zakutchire m'dziko muno mitengo yolowera imakhala itatu: wa Mmalawi, wa mlendo amene akukhala m'dziko muno, ndi wa mlendo wochokera kunja. Mmalawi amalipira m'makwacha, ndipo mtengo wake umatsika kutali ndi wa mlendo wakunja. Ana amalipira zochepa kuposa akuluakulu, ndipo magulu a sukulu akalemba kalata pasadakhale nthawi zambiri amaganiziridwa mwapadera. Chofunika n'chakuti wamkulu aliyense anyamule chiphaso chake cha unzika, chifukwa wapageti sangakhulupirire pakamwa chabe. Dziwaninso kuti galimoto imalipira payokha, ndipo mukafuna woperekeza wodziwa kumene nyama zili, nayenso ali ndi mtengo wake. Mukaphatikiza zonsezi, pa maulendo amene ndimakonza ndalama ya pageti simakhala yaikulu pa bajeti. Kawirikawiri chakudya chimaiposa.

Ena amandifunsa kuti nyama n'zathu, nanga tilipiriranji? Ndimawamvetsa. Koma paki imadya ndalama tsiku lililonse, kaya mlendo wabwera kaya sanabwere: alonda amayenda m'tchire kuchotsa misampha, misewu imafuna kupalidwa mvula ikatha, mpanda wamagetsi umafuna kukonzedwa. Mu July 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, ndipo chichokereni nthawi imeneyo anthu a m'midzi yozungulira, kuno ndi ku Zambia komwe, alira ndi njovu zolowa m'minda, ena mpaka kutaya miyoyo. Mpanda wolimba ndi umene ungateteze anthu amenewa, ndipo mpanda sumangidwa ndi mawu. Gawo la ndalama za pageti limayenera kubwereranso kwa anthu oyandikana ndi paki. Ine ndalama imeneyi ndimaiona kuti ndi yoyenera kupereka, bola ikafike kumene inalembedwa.

Chimene chimathyola msana ndi thiransipoti. Mchinji ali kumalire, ndipo malo ambiri otchuka ali kutali nafe. Kuchoka paboma kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M12 ndi makilomita pafupifupi 110. Kuti mukaponde mchenga wa ku Senga Bay muwonjezerepo ena pafupifupi 120. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 460. Minibasi yabwino imayenda makilomita 9 kapena 10 pa lita imodzi, ndiye tiyerekeze malita 50. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Pa mtengo umenewo mafuta okha a ulendowu anali K126,500. Inu ikanipo mtengo wa lero, masamu ake ndi omwewo. Pamwamba pa mafuta mwini galimoto amawerengera dalaivala, kutha kwa matayala, ndiponso ndalama imene akanapanga tsiku limenelo pa ulendo wake wa masiku onse wa Mchinji ndi Lilongwe. Akakutchulirani mtengo wa hayala wooneka waukulu, si nthawi zonse pamene akukuberani.

Tsopano onani apa. Banja la anthu 5 likahaya minibasi lokha, mafuta aja ndi K25,300 pa munthu. Anthu 14 akadzaza minibasi yomweyo, aliyense amatulutsa K9,000 ndi kapamwamba pang'ono. Zili ngati ngolo ya hayala kudimba: mwini ng'ombe amatchula mtengo umodzi, kaya mwapakira matumba atatu kaya khumi. Mpando uliwonse wopita wopanda munthu, inu ndi amene mukuulipira. M'ntchito yathu chinsinsi chachikulu n'chimenechi, ndipo makampani akuluakulu a maulendo amapindulira pomwepa. Sanyamuka mipando isanadzaze.

Wina anganene kuti bwanji osangokwera za onse. N'zotheka, koma werengani bwino. Kupita kunyanja mukwera kuchoka ku Mchinji kukatsika mudepoti ku Lilongwe, mukwerenso ya ku Salima, kenako ina yokafika ku Senga Bay. Magalimoto atatu popita, atatu pobwera. Banja la anthu 6 lalipira kokwanira 36, kupatulapo khanda lapamiyendo. Onjezani nthawi yodikira kuti galimoto idzaze pa siteji iliyonse, mupeza kuti mwafika kunyanja dzuwa litapendeka, ndipo kubwerera tsiku lomwelo sikuthekanso. Apo ndiye pogona palowa mu bajeti musanakonzekere. Kupaki ya Kasungu nkhani yake ndi yolimba kuposa apo, chifukwa simungalowe wapansi kapena pa kabaza. Minibasi za pa msewu wa M18 wochokera pa Kamwendo zimakusiyani m'tauni ya Kasungu, pomwe geti la paki lili makilomita oposa 30 kutsogolo. Popanda galimoto yanu kapena yahayala, njovu simuiona.

N'chifukwa chake ndimauza makolo kuti ulendo wotsika mtengo umayambira pakupeza anzanu. Mabanja atatu a mpingo umodzi, gulu la banki mkhonde, kalabu ya alimi a soya, aphunzitsi a pasukulu imodzi: onsewa ali kale ndi kaundula, msungichuma ndi chizolowezi chosonkha. Amene amatha kusonkherana feteleza sangalephere kusonkherana mafuta a tsiku limodzi. Pokambirana ndi mwini galimoto funsani momveka ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta, ngati dalaivala adzadikira mpaka madzulo, ndiponso ngati inshuwalansi ndi COF zili m'malo. Mapepala akasowa mudzataya maola pa rodibuloko ana akulira ndi njala. Ndipo musapanikize anthu anayi pa mpando wa atatu pofuna kutsitsa mtengo. Mwanyamula ana.

Za chakudya n'zosavuta. Mbale ya mpunga paloji imadula chifukwa mkati mwake muli msonkho wa VAT, msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo, malipiro a ogwira ntchito ndi dizilo wa jenereta magetsi akazima. Inu muli ndi zimene loji imachita kugula. Nkhuku yachikuda yokazinga usiku, mpunga m'poto wokulunga pansalu, mbatata yophika, mtedza wokazinga, thobwa m'chigubu ndi madzi akumwa okwanira, basi kamba wakwana. Chenjezo langa ndi limodzi. Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja amalipiritsa munthu wongobwera kudzacheza masana, ndipo ena salola chakudya chochokera kunja. Imbani foni kusanache tsikulo mufunse zinthu ziwirizi, ndipo amene wakuyankhaniyo mulembe dzina lake. Ndaonapo amayi akubwezedwa pageti la malo ena atasenza mapoto, n'kukadyera m'mbali mwa msewu, ana akuyang'ana nyanja kudzera pa mpanda. Foni ya mphindi ziwiri ikanawapulumutsa ku manyazi amenewo.

Nthawi yonyamukira nayo ndi ndalama. Pa 15 October, tsiku la anakubala, pa Khirisimasi ndi pa Isitala, dziko lonse limathamangira kunyanja. Eni magalimoto amakweza hayala, mchenga umadzaza, ndipo m'misewu ngozi zimachuluka. Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi umene anthu olandira malipiro a pamwezi alibe. Ndalama zathu za soya, mtedza ndi fodya zimabwera kuyambira April mpaka August, ndipo miyezi yabwino yoonera nyama imatsatira pomwepo. Kuyambira August udzu umakhala utauma, madzi achepa m'tchire, nyama zimasonkhana pafupi ndi damu la Lifupa m'paki ya Kasungu, pomwe mvuu zimakhala chaka chonse. Ana amakhalanso ali pa tchuthi chachitali. Chovuta n'chakuti fizi ya September imakhala ili pakhomo, choncho ya ulendo iyenera kupatulidwa pamene thumba loyamba lagulitsidwa. Nyamukani kusanache, chifukwa dzuwa likakwera nyama zimalowa m'mithunzi ndipo mudzangoona mitengo.

Sindilonjeza njovu kwa munthu aliyense. Paki ya Kasungu ndi yaikulu, masikweya kilomita oposa 2,300, ndipo nyama sizimangidwa pa chingwe. Koma ngakhale tsiku limene njovu zabisala, mwana sabwerera chimanjamanja. Woperekeza akaimitsa galimoto pamalo otetezeka n'kuonetsa phazi la njovu m'matope ouma, mwana wa Sitandade 3 amaikamo mapazi ake onse awiri, malo n'kutsalabe. Amatola ndowe youma n'kuona timitengo tosagayika mkati mwake. Mafunso amene amayamba pamenepo amafika nawo mpaka kunyumba. Mwana ameneyo amaphunzira za nyama zimenezi m'kalasi, amaziona pa ndalama ndi m'mabuku, ndipo n'zosayenera kuti akule akuganiza kuti ndi za anthu ena.

Kukhala kumalire kuli ndi msampha wake umene ambiri sauona. Ku Mfuwe, pageti la paki yotchuka ya South Luangwa ku Zambia, sikutali kwenikweni: Chipata ali pafupi ndi Mwami, ndipo kuchoka ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 130. Koma mukangodutsa pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chija anatsegula mu December 2022 kuti zonse zizichitikira pamalo amodzi, inu mwasanduka mlendo wakunja. Mtengo wa nzika ndi wa a ku Zambia. Mmalawi amalipira wa mlendo wa m'chigawo cha SADC, umene umawerengedwa m'madola, ndipo kwacha yathu ikasinthidwa imafota. Mwana aliyense amafunikanso mapepala ake odutsira. Pa nkhani ya nyama, Kasungu ndiye wathu. Kumene kuwoloka malire kumapindula ndi pa miyambo: Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la August, pomwe Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndi Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Kumeneko magulu a kuno amapita kale chaka ndi chaka atadzaza galimoto, ndipo luso losonkherana analidziwa kale. Pitani ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka masiku angapo ulendo usanafike mukafunse za mapepala a ana, osadikira m'mawa wa tsikulo.

Palinso maulendo osafuna hayala konse. Seminale ya Kachebere, imene inatsegulidwa mu 1939 m'tsinde mwa phiri la m'malire, yaphunzitsa ansembe ambiri a m'Malawi ndi Zambia. Ndi malo a maphunziro ndi mapemphero, choncho pemphani chilolezo musanapite ndi gulu. Mapiri a Mchinji ali pamphuno pathu. Boma lino linkatchedwa Fort Manning, dzina la linga limene Angerezi anamanga atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo agogo ambiri akadali ndi nkhani zimene anamva kwa makolo awo. Ulendo wotere umafuna kamba ndi munthu wamkulu wodziwa kufotokoza, basi.

Mlandu wina uli pa ife a m'ntchitoyi, ndipo sindiubisa. Timalengeza m'Chingerezi, timalemba mitengo m'madola, ndipo mtengo wa Mmalawi timaubisa ngati wochititsa manyazi. M'malo ena wolandira alendo amamwetulira mzungu n'kuyang'ana nsapato za mlimi. Boma lakhala likulimbikitsa kuti tidziyamba ndife Amalawi kuyendera malo athu, ndipo September ndi mwezi wa zokopa alendo, koma uthengawo umathera ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kutsitsa mtengo wa pageti kwa sabata imodzi sikuthandiza munthu wa ku Kapiri amene vuto lake ndi malita 50 a mafuta. Chimene chingathandize ndi basi yonyamuka pa Mchinji boma Loweruka lodziwika, mtengo wa mpando utalengezedwa pa wailesi m'Chichewa, ukuphatikiza geti ndi woperekeza. Khonsolo ya boma, eni mabasi ndi nthambi yoona za mapaki akhoza kukhala pansi n'kuikonza. Mitengo yolowera m'mapaki, ya Mmalawi wamkulu, ya mwana ndi ya galimoto, ikhozanso kumatidwa pa bolodi ku ofesi ya DC ndi m'masukulu onse, kuti kholo liziwerenga lokha lisanafunse munthu ngati ine.