Khoma la bulawuni limakongola, koma udzudzu nawonso umalikonda

Pabalaza pa nyumba ina ku Kalongwezi apaka penti wa bulawuni woderako, wonga khofi wokazinga. Dzuwa lamadzulo likalowa pawindo, khomalo limaoneka ngati mbiya yongophula kumene pamoto, ndipo zala za ana zodetsedwa sizionekerapo. Ndimaukonda mtunduwu. Si wachilendo kuno: amayi a kumidzi ya kwa Mpezeni akhala akumata ndi kuzira nyumba ndi katondo kuyambira kalekale. Chimene chimafiiritsa katondo ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo dzimbiri lomwelo ndi limene mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito popanga bulawuni wa m'zitini za ku Down Shops.

Koma khoma lakuda limameza kuwala. Penti woyera amabweza magawo pafupifupi 80 pa 100 a kuwala kogwa pakhoma, pamene bulawuni woderako safika ngakhale pa 20. Amene anaona mwana akulemba ntchito ya kusukulu ndi tochi mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, akudziwa kusiyana kwake.

Mdima umenewo uli ndi mwini wake. Udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo, ukayamwa magazi usiku suthawira kutali. Umatera pakhoma, kuseri kwa kabati, pa zovala zokoleka pamsomali, n'kupuma mpaka magaziwo atagayika. Umasankha malo akuda ndi obisika, ndipo pakhoma la bulawuni diso la munthu siliuona msanga.

Chizolowezi chopuma pakhomachi ndi chimene Unduna wa Zaumoyo umadalira potumiza anthu opopera mankhwala m'nyumba mvula isanayambe. Mankhwalawo salowa mkati mwa njerwa. Amakhala pamwamba penipeni pa khoma kwa miyezi ingapo, kudikira miyendo ya udzudzu. Apa m'pamene mtima wanga umawawa. Opopera amadutsa cha mu Okutobala kapena Novembala, kenako Disembala akafika timagula penti kuti alendo a Khirisimasi apeze nyumba yowala, kumudzinso amayi amamata makoma mwatsopano. Burashi imodzi yokha imakwirira mankhwala onse, ndendende nthawi imene madzi ayamba kudikha m'maenje ndipo udzudzu ukuswana. Nyumba yonunkhira penti watsopano ija imalowa m'dzinja ilibe chitetezo.

Choncho pakani m'chilimwe, cha mu Julayi kapena Ogasiti, khoma liume bwino opopera asanabwere. Akapopera, musalitsukenso.

Yang'ananinso zolembedwa pachitini. Penti wina wamafuta amathiramo mtovu kuti aume msanga kapena kuti mtundu uwale, ndipo bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino m'thupi la mwana. A ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, akulimbanabe nawo. M'nyumba pakani penti wamadzi, ndipo popala penti wakale nyowetsani khoma, ana ndi amayi oyembekezera ali panja.

Ine bulawuni ndingamupatse khoma limodzi la pabalaza, loyang'anana ndi windo. Kuchipinda chogona ana kukhale koyera, kuti mayi akamayala neti madzulo, udzudzu wotera pakhoma auone.