NDAKATULO ZOKANA NKHONDO

Boma la Chadiza lacita malire ndi dziko la Mozambique. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi: alankhula cinenero cimodzi, akwatirana, ndipo maliro akagwa mbali ino, a mbali iyo amabwera kudzakhuza. Koma kuyambira caka ca 1977 kufikira 1992 ku Mozambique kunali nkhondo ya pacibale, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondoyo inalumpha malire. Anthu amfuti analowa m'midzi ya kumalire, nafunkha ziweto ndi cakudya, natentha nyumba, napha anthu osalakwa. Ambiri othawa nkhondo ocokera ku Mozambique anakawasunga ku Ukwimi, malo amene panthawiyo anali m'boma la Petauke.

Munthu amene anaona zotere ndi maso ake sangaimbe za nkhondo monga aimbira munthu amene angoimva m'nthano. Ici ndico ciyambi ca ndakatulo zokana nkhondo.

Nyimbo ndi ndakatulo za nkhondo zili za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wotamanda. Umachula maina a ngwazi, zishango ndi mikondo, ndipo nchito yake ndi kulimbitsa mitima ya anyamata kuti asabwerere m'mbuyo. Mtundu waciwiri sutamanda. Umayang'ana kumene wotamanda uja safuna kuyang'ana: kwa mayi wodikira mwana amene sadzabwera, ku munda umene wamera thengo, ku nkhokwe yosanduka phulusa.

Mmodzi wa alakatuli odziwika a mtundu waciwiriwu ndiye Wilfred Owen wa ku England, amene anabadwa mu 1893. Iye anali msilikali pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, ndipo anamenya nkhondoyo ku France. Nkhondo yomweyo inafikanso kuno, pakuti amuna ambiri a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, osenza katundu wa asilikali kupita ku malire a kumpoto, ndipo ena anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Mu 1917, ali m'cipatala ku Edinburgh, Owen analemba ndakatulo yochedwa Dulce et Decorum Est. M'menemo afotokoza za asilikali otopa amene alikubwerera kocokera ku nkhondo, alikutsimphina m'matope, ena alibe ndi nsapato zomwe. Mwadzidzidzi adani aponya mpweya waululu. Onse afulumira kuvala zophimba kumaso, koma mmodzi acedwa, ndipo anzake amuona alikutsamwa ngati munthu womira m'madzi. Amponya m'ngolo alikufa. Pomaliza mlakatuli atembenukira munthu amene amauza ana kuti kufera dziko pa nkhondo n'kokoma ndi kwaulemu, namuuza kuti akadaona nkhope ya mnyamata uja sakadanenanso bodza limenelo.

Wowerenga wofuna kumvetsa ndakatulo yotere ayenera kudzifunsa mafunso anai.

Loyamba: kodi alikulankhula ndani? Pano wolankhula si mfumu kapena mkulu wa asilikali wokhala kutali. Ndi munthu amene anayenda pambuyo pa ngoloyo. Mau ake ali ndi mphamvu ya mboni pa bwalo la milandu, pakuti anena zimene anaona.

Laciwiri: kodi waika zithunzi zotani m'maso mwa wowerenga? Owen sanawerenge zikwi za anthu akufa, ngakhale analipo ambirimbiri. Anasankha munthu mmodzi. Ciwerengero cacikulu cimalowa khutu ili n'kuturukira ilo, koma nkhope ya munthu mmodzi imakhala mumtima. Tsono wowerenga akapeza nsapato yotayika, mtondo wogubuduzika kapena mbuzi zopanda mbusa m'ndakatulo, asapitirire msanga. Aime, nafunse kuti mwini wake ali kuti.

Lacitatu: kodi ndakatuloyi ikukana ciani? Apa ndi pamene ambiri amasokera. Owen sakunyoza msilikali mnzake, ndiponso sakutukwana asilikali a Germany amene anaponya mpweyawo. Cimene akukana ndi bodza lokometsera nkhondo, lonenedwa ndi anthu amene iwo eni sadzagona m'matope. Dzina la ndakatuloyo ndi mau a Cilatini otamanda imfa ya pa nkhondo, koma iye awagwiritsa nchito mokhala ngati wina anena kuti "wacita bwino" kwa mwana amene waswa mphika. Mau anena cina, mtima utanthauza cina.

Njira imeneyi si yacilendo kwa Acewa. Mkazi akakhala ndi dandaulo limene sangalinene pamaso pa mwamuna wake kapena apongozi, amaliimba pamtondo. Sachula dzina, sagwira ndodo, koma mudzi wonse umamva, ndipo mwini nkhani amadziwa. Mlakatuli wokana nkhondo acita cimodzimodzi. Alibe mphamvu yolanda mfuti m'manja mwa anthu, koma akana kuomba m'manja pamene ena onse alikuomba. Kukana kotere kufuna mtima wolimba.

Lacinai: kodi ikulakalaka ciani? Kawirikawiri ndakatulo zotere sizichula mau akuti mtendere. Zimaonetsa cimene casowa, kuti wowerenga acipeze yekha. Ikanena za munda wosalimidwa, ikulira khasu. Ikanena za ana ogona kuthengo, ikulira tulo ta m'nyumba. Cotero mtendere m'ndakatulo si cinthu cakutali ca akuluakulu okhaokha. Ndi nsima yodyera pakhomo, ndi njira ya ku sukulu yoyenda popanda kuceuka.

Ena amati wokana nkhondo ndi wamantha. Mbiri ya Owen itsutsa zimenezi. Atacira anabwerera ku France, namenya nkhondo molimba mtima kotero kuti anampatsa mendulo yaulemu. Anaphedwa pa 4 Novembala 1918, ali ndi zaka 25, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe. Uthenga wa imfa yake unafika kwa amake pa 11 Novembala, tsiku limene mabelu a machalichi analikulira kulengeza kuti mfuti zaleka. Iye sanakane nkhondo cifukwa coiopa, koma cifukwa coidziwa.

Nkhondo ya ku Mozambique nayo sinathe ndi zipolopolo. Inatha pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Rome pa 4 Okutobala 1992. Pambuyo pake othawa nkhondo anabwerera kwao, ndipo anthu a kumalire anayambanso kulima ndi kucezerana. Ana a m'sukulu za ku Chadiza lero anabadwa zonsezi zitapita kale, ndipo ambiri sanamvepo kulira kwa mfuti usiku. Cifukwa cake ndakatulo zokana nkhondo n'zofunika kwa iwo koposa: zimasunga cikumbutso pamene mboni zilikukalamba, kuti wina akadzabwera ndi mau okometsera nkhondo, adzapeze anthu odziwa kale cimene makolo ananena, kuti nkhondo simanga mudzi.

MAFUNSO

1. Fotokozani kusiyana kwa mitundu iwiri ya ndakatulo za nkhondo.
2. Cifukwa ninji Owen analemba za msilikali mmodzi m'malo mwa zikwi?
3. Kodi nyimbo ya pamtondo ifanana bwanji ndi ndakatulo yokana nkhondo?
4. Funsani agogo anu zimene akumbukira za nkhondo ya kumalire, ndipo mulembe ndakatulo ya mizere isanu ndi itatu yonena za cinthu cimodzi cimene cinatayika.