Mwana akati akufuna digiri yachiwiri ya makompyuta

Kwa mabanja ambiri a ku Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre, tsiku lomwe mwana wavala mkanjo ndi kulandira digiri limakhala lotula mtolo. Mbuzi zidapita pamsika, nandolo adagulitsidwa mtengo usadakwere, malume a ku Joni adaimbiridwa foni mpaka kutopa. Tsopano yakwana nthawi yoti mwanayo apeze ntchito ndi kuyamba kuthandiza azing'ono ake.

Ndiye tangoganizani mwana yemweyo, amene watha zaka zinayi akuphunzira za makompyuta, akukhala pakhonde n'kuuza makolo kuti akufuna kubwerera kusukulu kukatenga digiri yachiwiri, ija amati masitazi. Funso silichedwa: kodi yoyambayo idaperewera pati?

Vuto limayambira poti makolo ambiri sadziwa chenicheni chomwe mwana wawo adaphunzira. Ena amayesa ndi kutayipa makalata, ena amati ndi kukonza mafoni ngati anyamata a pamsika wa Lunzu. Sayansi ya makompyuta ndi luso lolemba malangizo omwe makina amatsatira, ndipo msana wake ndi masamu. Mayi wa ku Lirangwe akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena akaonetsa chiphaso cha unzika pogula feteleza wotsika mtengo, pali munthu wina amene adakhala pansi n'kulemba malangizo oti ndalamayo isasochere komanso dzina lisasokonekere ndi la wina.

Digiri yoyamba imamulawitsa wophunzira pang'onopang'ono za nthambi zonse. Yachiwiri imamuuza kuti asankhe munda umodzi ndi kuulima mozama. Wina amasankha chitetezo cha makompyuta ku akuba a pa intaneti, wina kasungidwe ka nkhani za odwala, wina luso lophunzitsa makina kuganiza, lomwe ambiri akulitcha AI. Pamapeto pake amachita kafukufuku moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, n'kulemba buku lomwe akadaulo ena amaliunika. Kuno kwathu maphunzirowa nthawi zambiri amatenga zaka ziwiri, pomwe ku Britain ambiri amatha m'chaka chimodzi.

Kale maphunziro otere ankatanthauza kukwera ndege basi. Lero zinthu zidasinthako. University of Malawi ku Zomba, yomwe ambiri amaidziwabe ndi dzina loti Chanco, ili ndi digiri yachiwiri ya Informatics. Mzuzu University idadziwika ndi digiri yachiwiri yophunzitsa kubisa ndi kuteteza uthenga pogwiritsa ntchito masamu. Ku Ndata m'boma la Thyolo kuli Malawi University of Science and Technology, MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014. Ndipo pafupi penipeni, pa Chichiri, pali MUBAS, yomwe idali Polytechnic kufikira mu 2021 pamene University of Malawi idagawidwa. Wa ku Chileka angathe kupita ku Chichiri pa minibasi n'kubwerera tsiku lomwelo.

Mmodzi mwa Amalawi amene adayenda njirayi ndi Rachel Sibande. Iye adaphunzira sayansi ya makompyuta ku Chancellor College, n'kukatenga digiri yachiwiri ku Mzuzu University, kenako adapita ku Rhodes University m'dziko la South Africa kukachita maphunziro a PhD. Ndiye adayambitsa mHub ku Lilongwe, malo osulira achinyamata pa luso la makompyuta. Makolo amene amaona ngati maphunziro awa ndi a anyamata okha angachite bwino kulisunga dzinali, komanso kuona kuti madigiri ake awiri oyamba adawapeza mommuno.

Ntchito yofuna anthu ozama chotere ilipo, ndipo yambiri ili m'zipatala. Mu 2001, katswiri wina, Gerry Douglas, adayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuti azilembera odwala. Ntchitoyi idabala bungwe la Baobab Health Trust, ndipo makina ake adadzathandiza kwambiri kusunga mbiri ya anthu olandira mankhwala otalikitsa moyo. Unduna wa zaumoyo nawo umasonkhanitsa malipoti a zipatala za m'maboma kudzera mu pulogalamu ya DHIS2, yomwe idapangidwa ku University of Oslo m'dziko la Norway. Chiwerengero cha odwala malungo cholembedwa pachipatala chaching'ono chakumudzi chimakathera mmenemo. Zikasokonekera penapake, akuluakulu amapanga mapulani ndi manambala olakwika, ndipo wovutika amakhala wodwala amene wapeza mankhwala atatha.

Palinso nkhani ya chilankhulo chathu. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma aliyense amene adayesapo amadziwa kuti nthawi zina imatulutsa zoseketsa, makamaka ikakumana ndi mwambi. Chifukwa chake n'chakuti makina amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo zolembedwa za Chichewa pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi Chingerezi. Ku MUBAS, Dr Amelia Taylor ndi ophunzira ake akhala akusonkhanitsa nkhani za m'Chichewa zophunzitsira makina. Pa ntchito ngati iyi, mwana wokulira ku Lirangwe ali ndi chuma chomwe mnzake wa ku London alibe: amadziwa kusiyana kwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika popanda womuuza.

Koma zonsezi zimafuna ndalama, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Fizi ya digiri yachiwiri ndi yokwera kuposa ya digiri yoyamba, ndipo ambiri amalipira okha kapena kudalira owalemba ntchito. Kwa ofuna kunja, mtolo udalemera kwambiri mu Novembala 2023 pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ngakhale mayeso a Chingerezi a IELTS, omwe sukulu zambiri zakunja zimafuna munthu asadalandiridwe n'komwe, amadya ndalama yoti banja lakumudzi likadagulira feteleza.

N'chifukwa chake odziwa njira amathamangira thandizo la maphunziro. Pali Chevening ndi Commonwealth za ku Britain, Fulbright ya ku America, komanso Beit Trust yomwe imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Mu Africa momwemuno, Carnegie Mellon University ya ku America idatsegula nthambi ku Kigali m'dziko la Rwanda mu 2011, ndipo ophunzira ambiri kumeneko amathandizidwa ndi Mastercard Foundation. Bungwe la AIMS, lomwe lidayamba mu 2003 ku Cape Town, nalo lidakhazikitsa maphunziro a AI ku Kigali mu 2018 mothandizidwa ndi Google ndi Facebook. Mpikisano wake ndi woopsa, ndipo olemba ambiri amabwerera chimanjamanja ulendo woyamba.

Chomwe makolo angakondwere nacho n'chakuti Chevening imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza amayenera kubwerera kwawo kwa zaka zinanso ziwiri. Kunena kwina, mwana kuyamba wagwira ntchito si kutaya mwayi. Nthawi zambiri ndiyo njira yanzeru, pakuti amene wakhalapo ku banki, ku kampani ya mafoni kapena kuchipatala amadziwa vuto lenileni lofufuza, komanso amakhala atathandizako pakhomo. Ndi bwinonso kunena mosapsatira kuti digiri yachiwiri si chiphaso cha ntchito. Makampani ambiri amayang'ana zomwe munthu amatha kupanga. Imakhala yofunikadi kwa amene akufuna kuphunzitsa ku yunivesite, kuchita kafukufuku kapena kupitirira mpaka PhD.

Ena amasankha kuphunzira pa intaneti ali pakhomo, koma kumudzi njirayi ili ndi minga yake. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi. Chodabwitsa n'chakuti Nkula ndi Tedzani, komwe amapanga magetsi pa mtsinje wa Shire, si patali ndi madera awa, ndipo nthambo zimadutsa pamwamba pa midzi yomwe ikugonabe mumdima. Okhala ndi magetsi nawo sadaiwale za 2022, pamene namondwe Ana adaononga Kapichira ndipo kuthima kwa magetsi kudafika posauzana. Wophunzira wotere amafunika sola, laputopu yolimba ndi ndalama ya bandulo mwezi ndi mwezi.

Pomwe pali njala ya maphunziro, akamberembere sasowa. Mauthenga a pa WhatsApp olonjeza malo kusukulu zakunja munthu akatumiza kaye ndalama ndi msampha, chifukwa kulembetsa ku Chevening kapena Commonwealth n'kwaulere. Sukulu ya m'dziko muno ikakopa mwana wanu, funsani kaye ku National Council for Higher Education, NCHE, ngati sukuluyo komanso maphunziro enieniwo adavomerezedwa, pakuti sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pomwe digiri ina yomwe ikuphunzitsa isadavomerezedwe. Funsaninso amene adzayang'anire kafukufuku wa mwanayo, ndiponso kuti amene adayamba chaka chathachi ndi zaka zam'mbuyomo adamaliza angati.